Ba Hadiya Ankafuna Mpingo Wodzawaika

Ba Hadiya ankadziwa mipingo ya mu Lusaka ndi nsalu zake, osati ndi mayina. Mukawatchulira dzina la tchalitchi ankangokuyang'anani, singano ili pakamwa. Koma mukati, "Aja a bulauzi yoyera ya kolala yozungulira," ankalavulira singanoyo m'dzanja nkuyankha kuti, "Oo, baja. Mabatani sikisi, thumba kumanzele." Kwa zaka zoposa makumi atatu anasoka mayunifomu a amayi a mipingo pa msika wa ku Kabwata: oyera, ofiira, a buluu, obiriwira, ndi maduku ake omwe. Lachinayi masana, amayi akamapita ku misonkhano yawo, theka la msewu linkayenda litavala ntchito ya manja awo. Koma ba Hadiya eni akewo analibe mpingo.

Ine ndine Muriel. Ndimagulitsa zitenje, ulusi ndi mazipi m'kashopu koyandikana ndi kawo. Pakati pathu panali thabwa lopyapyala moti ndikayetsemula ankandiuza kuti ndimwe mankhwala. Nkhani iyi ndikuilemba ndi mtima wowawa ndipo sindibisa. Ena mwa amene ndiwatchule muno ndionana nawo Lamlungu, andione.

Bambo a ba Hadiya anali Che Omali, telala wa ku Mangochi amene anabwera kuno dziko lisanalandire ufulu, atasenza makina opalasa ndi phazi. Anakhazikika ku Chilenje nkumasoka pakhonde la sitolo ina m'tauni. Anali Msilamu wa swala zisanu pa tsiku, munthu wosanena chinthu kawiri. Ana anali awiri, Faraji ndi mlongo wake Hadiya. Faraji makina sanawafune, anakonda malonda a pa msika wa Soweto m'tauni muno. Ndiye Che Omali anaphunzitsa mtsikanayo, ndipo msoko ukakhota pang'ono pokha ankamumasulitsa wonse kuti ayambirenso.

Ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ba Hadiya anakumana ndi ba Amock, dalaivala wa basi, Mchewa wa ku Katete wokonda nthabwala. Anabwera kudzafupikitsa thalauza, ndipo thalauza lomwelo anabwera nalo katatu mpaka linatsala pang'ono kusanduka kabudula. Mavuto anali awiri. Ba Amock anali Mkhristu, komanso kumudzi anasiya mkazi amene anamanga naye ukwati m'tchalitchi. Che Omali atamva sanakalipe. Ananyamula makina akale aja nkuwaika panja, nati mwana wawo atenge cholowa chake lero lomwe popeza pakhomopo sadzapondaponso. Patapita zaka anabwerera ku Mangochi, ndipo za imfa yawo ba Hadiya anazimva kwa munthu wodutsa pa msika.

Ba Amock nawonso mpingo wawo unawadula. Kudulidwa ndiko kuti kutchalitchi ubwere ndithu, nyimbo uimbe, koma Mgonero usauyandikire, ndipo dzina lako lili kunja kwa buku. Anakhala choncho moyo wawo wonse, pa benchi yakumbuyo, atamanga tayi. Mkazi wa ku Katete uja anali atakwatiwa kale kwina, koma akulu a mpingo ankangoti makalata ake sanaoneke. Ba Amock ndi ba Hadiya mwana sanabereke, mimba ziwiri zinapita padera. Anangokhala awiriwiri m'kanyumba kawo ka ku Kabwata, ndipo sindinaonepo banja lokondana ngati limenelo, ngakhale pakati pa ife a ukwati wa mphete.

Ba Hadiya anatsala pakatikati. Nkhumba sanaidyepo mpaka kufa, ndipo asanadule nsalu yatsopano milomo inkayenda ndi kapemphero ka bambo awo. Mwezi wa Ramadani sankasala, koma sankadyanso pamaso pa anthu, ankakankha chitseko kaye. Lamlungu ankasita malaya a ba Amock, kuwaperekeza mpaka pa geti, nkubwerera kukachapa. Makasitomala awo, atakweza manja kuti ayesedwe, ankakonda kufunsa kuti, "Manje imwe ba Hadiya, muzavala liti yanu?" Iwo ankayankha kuti akadali kusankha mtundu umene ungawakhale. Onse ankaseka, koma palibe amene anabwerapo Lamlungu m'mawa kudzawatenga. Funsolo linali longotayitsa nthawi tepi ili m'chiuno.

Analinso ndi lilime lawo. Mayi akabwera ndi nsalu yochepa nkumaumirira kuti ikwana, ankamuuza pamaso kuti mimba imeneyo silowa mu mita imodzi ndi theka ngakhale abusa aipempherere. Koma yunifomu ankailemekeza kuposa eni ake ena. Sankalola kuti bulauzi ya mpingo igwe pansi kapena munthu aikhalire, ndipo ikakhala yofunika pa maliro ankaisoka kaye, madiresi a ukwati adikire.

Ba Amock anamwalira mu Juni wa 2022, kukuzizira. Apa ndifotokoze mwambo wathu kwa amene saudziwa. Akamwalira membala weniweni, amayi a mpingo amabwera atavala yunifomu. Amadzaza nyumba, amaimba mosinthana, tsiku loika amandanda mizere iwiri pakhomo la tchalitchi bokosi nkudutsa pakati, ndipo kumanda sachoka mpaka nkhata yomaliza itaikidwa. Akamwalira wodulidwa amabwerabe, poti ndi anthu, koma amavala zitenje ngati oyandikana nawo nyumba chabe. Palibe amene amakuuza mawu oipa, umangoonera pa zovala.

Ba Hadiya anakhala pa matiresi m'chipinda chochezera, ine pambali pawo, tikuona amayi a bulauzi yoyera akulowa mmodzimmodzi. Onse m'zitenje. Aliyense wa iwo ba Hadiya ankadziwa muyeso wa chiuno chake, ankadziwa amene ananenepa atabereka ndi amene anamuwonjezera nsalu m'khwapa. Mabulauzi amenewo anatsala m'masutikesi. Anaimba nyimbo ziwiri motsitsa mawu, ngati akuopa kuti Mulungu awamva. Thupi silinalowe m'tchalitchi. Kumanda mkulu wina anawerenga vesi limodzi akuyang'ana wotchi, ndipo tisanalire nkomwe mafosholo anali atayamba kukwirira.

Ba Hadiya atatsegulanso shopu patatha mwezi, anandiitana kudzera pathabwa lija.

"Ba Muriel."

"Shani, ba Hadiya?"

"Ba Amock banabadwila mu chalichi. Banabatizika bali kamwana. Mwaona mwamene babashikila. Manje ine, azanishika ni ndani?"

Kushika, m'kalankhulidwe kathu ka m'tauni muno, ndiko kuika maliro. Ndinayesa kuzitembenuza nthabwala, ndinati akadali mtsikana, imfa iwaopa. Sanaseke.

"Ku mzikiti banatseka chitseko kudala. Mwana nilibe. Nifuna chalichi, ba Muriel. Sinifuna kuponyewa monga saka ya malasha. Nifuna bazimai banipelekeze mpaka ku manda, bayimbe."

Musaganize kuti anali mantha okhaokha. Munthu amene wakhala zaka zonsezo akumva amayi akung'ung'udza nyimbo podikira kuyesedwa, nyimbozo zimamulowa. Ankazidziwa zonse, ankaziimba akupalasa makina, ndipo za Yesu ankalankhula ngati za munthu amene wakhala akudutsa pa shopu tsiku ndi tsiku koma sanamuitanepo kuti akhale pansi. Komabe chimene chinawadzutsa kuti ayambe kufunafuna chinali maliro, ndipo sanachite nazo manyazi kunena.

Anthu ena posankha mpingo amamvera ulaliki, ena kwaya, ena amangotsata kumene kuli pafupi. Ba Hadiya anayamba kuyenda m'maliro. Kasitomala akangoti, "Nifuna bulauzi yanga mailo, tili na malilo," iwo ankafunsa kuti ndi kuti, mawa lake nkutseka shopu, nkukwera minibasi. Ku manda a ku Chingwere anapita, a ku Leopards Hill anapita, kuperekeza anthu amene sanawaonepo ali moyo. Ankaima kumbuyo atafunda chitenje, akupenda zonse monga ankapendera msoko. Pobwera ankayamba alowa kwa ine asanatsegule kwawo.

"Baja ba buluu bayimba bwino, koma bathamanga. Bafuna kukapeza chakudya chikali chokupya."

Tsiku lina: "Aba ba lelo ni mafoni chabe. Bokosi iseluka, beve bali kujambula nsapato zao." Kuseluka ndiko kutsika.

Ndinkaseka mpaka misozi, ndipo lero ndikakumbukira kusekako ndimadzida.

Woyamba kuwaitana anali mayi wina wa ku Kabulonga amene ankamusokera madiresi a ku ofesi. Tchalitchi chake chili cha ku Woodlands uko, cha magalasi, chozizira m'kati ngati banki, magalimoto ali mbwee panja. Zonse zinali m'Chingerezi, ndipo ba Hadiya Chingerezi chawo chinali cha mainchi ndi mamita. Atatuluka, mayi uja anawagwira paphewa nkumawaonetsa kwa anzake kuti telala wanga uja ndi ameneyu. Anzakewo anakondwa kwambiri, wina anafunsa ngati amasokanso makatani. Anapitako masabata anayi, palibe amene anafunsa kumene amakhala. Sabata lachinayi kunagwa maliro a bambo wina wa mpingowo, ndipo ba Hadiya anapita kukapenda. Anapeza kuti zonse amachita ndi a kampani: kunyamula bokosi a kampani, kulitsitsa a kampani ndi makina, nyimbo za m'sipika. Amayi anavala zipewa ndi magalasi akuda, osatulutsa msozi kuopa kuwononga penti wa kumaso. "Kuja ukafa bakulemba mu pulogilamu, basi," anandiuza. Sanabwererekonso.

Wachiwiri unali mpingo wa m'tenti ku Chelstone, wa mneneri wachinyamata wa suti yonyezimira. Kumeneko ndiye anawalandira ndi manja awiri. Mneneriyo atangomva dzina lakuti Hadiya maso anachita kuwala. Anawakhazika kutsogolo, anatumiza amayi kudzawaona kunyumba, ndipo ba Hadiya anabwera pa msika akumwetulira koyamba chimwalirireni ba Amock. Ndinakondwa nawo. Lamlungu lachitatu anawaitanira kuguwa nkuwapatsa maikolofoni, mafoni onse atawaloza. Mneneri anauza anthu kuti mayi uyu wathawa mumdima, kuyambira lero dzina lake ndi Deborah, ndipo anene pamaso pa onse kuti bambo ake ali kumoto, akuwakana.

Kavidiyo kake ndinakaona, ndani sanakaone? Ba Hadiya aima pamenepo, kamayi kochepa thupi, duku litapendekeka. Akukweza maikolofoni. Kenako akuti:

"Ba tate banali kupemphela kasanu pa siku. Sibanabepo nangu kansalu ka muntu. Bananipitikisa, inde, koma ku mulilo siningabatume. Na zina yanga bananipasa ni beve."

Anaika maikolofoni pansi bwinobwino, monga ankaikira sizasi, natuluka. Kumbuyo kwawo mneneri akukuwa kuti chiwanda chakana kutuluka. Anakwera mabasi awiri kubwerera ku Kabwata, ndipo mawa lake anasoka tsiku lonse osandilankhula.

Kavidiyoko kanayenda mpaka ku Makeni, kumene amakhala mlongo wawo uja. Tsiku lina masana ndinaona bambo wamtali wa ndevu zoyera ndi kachipewa koyera ataima pakhomo la shopu yawo. Makina anasiya kulira. Ndinamata khutu pathabwa, sindikana.

"Hadiya."

"Achimwene."

Ba Faraji anaimabe pakhomo.

"Naona vidiyo," anatero ba Faraji. "Unayankha bwino pali ba tate."

"Nkhalani pansi, achimwene."

"Iyayi, nili pa njila. Koma ku nyumba chitseko chilipo. Ukafuna, bwela. Ba shehe tizakamba nabo."

"Nachedwa, achimwene. Mutima wanga unayenda kale kwina."

Sanakangane. Ba Faraji analemba nambala ya foni pa kapepala ka patani, nachoka. Anthu osaonana zaka makumi atatu ndi zisanu anacheza osakwana mphindi zisanu. Ba Hadiya anabaya kapepalako pakhoma ndi pini.

Apa ndi pamene ndinalowererapo ine ndi pakamwa pangapa. Mpingo wathu ndi wa bulauzi yobiriwira, uli ku Chilenje, ndipo ndinabadwiramo. Zaka zonsezo ndinali ndisanawaitane. Ndinkadziuza kuti ndikulemekeza za kwawo, koma zoona zake ndinkadziwa kuuma kwa akulu athu ndipo sindinkafuna kuti mnzanga akuone. Nditaona za ku Chelstone ndinati basi. Ndinadzitama, ndikuvomera. Ndinati ife maliro timaika ngati anthu, amayi athu amakhala pa siwa masiku atatu, kwaya imaimba mpaka mawu kusasa, ndipo palibe amene amafunsa ngati malemu anali ndi galimoto. Ndinawatengera ku maliro a mayi wina wa m'dera lathu, wogulitsa tomato. Amayi obiriwira anadzaza malole awiri. Kumanda tinaimba dzuwa lili pamutu mpaka nkhata yomaliza. Pobwerera m'lole, ba Hadiya anandigwira dzanja.

"Ni yamene iyi, ba Muriel. Nasankha."

Mlembi wa mpingo wathu ndi ba Kabamba, bambo amene anapuma ntchito ya boma kalekale koma amayendabe ngati ali ndi fayilo m'khwapa. Buku la malamulo amalisunga m'chikwama cha pulasitiki kuti lisanyowe. Anawalandira ba Hadiya mwaulemu nawafotokozera kuti wamkulu wosabatizidwa ayenera kulowa kalasi chaka chathunthu, kalasi imayamba mu Januwale, ubatizo umachitika kamodzi pa chaka mu Disembala. Ife tinapita mu Malichi. Anati tachedwa ndi miyezi iwiri, adikire Januwale winayo.

Anadikira. Miyezi khumi anakhala pa benchi ya alendo osajomba, ndipo maliro onse a m'dera lathu ankapezekako, akusenda anyezi kuseri kwa nyumba. Januwale atafika analowa kalasi, mayi wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zinayi pakati pa ana a sekondale otafuna chingamu. Mayankho a katekisimu anawalemba pa makatoni nkuwakhoma pamwamba pa makina. Ine ndinkawafunsa kudzera pathabwa tsiku lonse, mpaka makasitomala anga ena anawaloweza osafuna.

Mu Ogasiti shuga inayamba kuwavuta. Miyendo inatupa moti kupalasa makina kunali kubuula, maso anachita nkhungu, ulusi ndinkawalowetsera ine pa singano. Ndinapita kwa ba Kabamba kukapempha kuti awabatize msanga, munthu akudwala.

"Ba Muriel, tikachita ivo pali umozi, bonse bazayamba kudwala," anatero akusisita chikwama chija. "Disemba ni pafupi. Tiyeni tipemphele chabe."

Ndinati madzi ali pa mpopi panja apo, abusa ali m'nyumba umo, chovuta nchiyani? Anati ndilankhule ngati mayi wa mpingo. Mu Okutobala ba Hadiya anakhoza mayeso a kalasi, oyamba pa onse. Tsiku la ubatizo linaikidwa, Lamlungu lachiwiri la Disembala.

Anagonekedwa m'chipatala Loweruka lina mu Novembala, kukutentha, mvula ikungolonjeza. Wowadikirira ndinali ine, panalibenso wina. Lamlungu masana anandifunsa kuti kwatsala masiku angati, ndinawauza. "Nizafika, ba Muriel?" Ndinati afika, ndikuyang'ana botolo la madzi la pamkono pawo chifukwa kumaso sindikanatha. Lolemba m'mawa, manesi akusinthana, anandipempha madzi akumwa, ndipo nditabwera ndi kapu ndinapeza apita. Kunatsala masabata atatu.

Kalaliki wa kuchipatala anati mapepala a thupi asaine wachibale wokhala ndi chitupa, osati mnzake wa pa msika. Wachibale anali mmodzi. Nambala yake ya pa kapepala ka pakhoma kaja ndinali nditaikopera m'foni mwanga matenda atayamba. Ndinaimba. Ola lisanathe ba Faraji anafika ndi akazi awo, ba Sofiya, ndi azibambo ena awiri. Anaima pa bedi nthawi yaitali, milomo ikuyenda. Kenako anandithokoza mpaka ndinachita manyazi.

"Mwavutika maningi, ba mayo. Yendani mukapumule. Va mapepala tizasiliza ise."

Ndinamva kupepukidwa. Ndinaganiza kuti Mulungu wanditumizira munthu wa mapepala kuti ine ndithamangire za mpingo. Ndinanena kuti siwa ili ku Kabwata kunyumba kwa malemu, iwo anagwedeza mutu, ndipo kugwedezako ndinakutenga ngati tagwirizana. Sindinafunse kuti tiika liti. Ndikanafunsiranji? Mu Lusaka muno aliyense amadziwa: tsiku loyamba anthu asonkhana, lachiwiri abale akutali afika, lachitatu kapena lachinayi ndiye kuika. Ndakhala moyandikana ndi Asilamu moyo wanga wonse, ndagula nyama kwa iwo, ndadya mpunga wawo wa Idi, ndipo ndinkadziwa ndithu kuti iwo sagoneka maliro. Koma m'mutu mwanga ba Hadiya anali wathu kale, ndiye za kwawoko sizinandidutse nkomwe.

Ndinathamangira ku Chilenje. Ba Kabamba ndinawapeza akuthirira repu kuseri kwa nyumba. Anavula chipewa, anapepesa, kenako anakatenga chikwama chija. Anati nkhaniyi ndi yovuta. Malemu sanali membala, komanso sanali wakunja, anali wa m'kalasi, ndipo buku silinena bwino za wa m'kalasi amene wakhoza mayeso. Abusa ali ku Chipata, abwera mawa madzulo. Akulu a mpingo akhala pansi Lachitatu.

"Pa Chitatu? Ba Kabamba, muntu wafa lelo!"

"Thupi ili mu fuliji, ba Muriel, siizathaba. Bazimai bangayende ku nyumba ya malilo, koma yunifomu na kwaya tiyembekeze bakulu bakambe."

"Tumani foni kuli ba abusa!"

"Nkhani ya so sitikambila pa foni."

Ndinawauza mawu amene sindingawalembe pano, Mulungu andikhululukire. Kenako ndinadzitonthoza kuti Lachitatu si kutali, ndikaima nawo pakhomo mpaka avomere, Lachinayi tiika. Ndinapita ku Kabwata. Ndinatsegula nyumba, ine ndi oyandikana nawo tinatulutsa mipando panja, tinayala mphasa. Ndinaitanitsa tenti ndi makala, ndinaimbira amayi a m'dera lathu mmodzimmodzi. Ndinagwira ntchito ngati wamisala, ndikunyadira kuti mnzanga ndimuika bwino.

Cha m'ma fili koloko foni inalira. Anali ba Sofiya, mawu ofatsa.

"Ba Muriel, tamusambika mulamu wanga, tamuvalika sanda. Bazibambo bamupemphelela ku mzikiti, manje banyamuka kuyenda ku manda. Nati nikuuzeni, pakuti munali naye pafupi."

Sindikumbuka mmene ndinapezera takisi. Ndikukumbuka mzere wa magalimoto pa msewu wa ku Kafue, ine ndikumenya mpando wa dalaivala ngati wolakwa ndi iye. Manda ake sindinkawadziwa, ndiye ndinalunjika ku Makeni monga anandilozera ba Sofiya. Ndinapeza amayi atakhala pa mikeka m'nyumba, ali chete, mitu atafunda. Ndinati wina anditengere kumandako. Ba Sofiya anandigwira mkono nati kwa iwo akazi sapita kumanda, amatsala pakhomo. Ndiye kuti ba Hadiya anaperekezedwa ndi azibambo okhaokha, ambiri osawadziwa nkomwe, popanda mkazi ndi mmodzi yemwe, popanda nyimbo.

Ba Faraji anafika dzuwa litapendeka, dothi lofiira lili m'mawondo mwa mkanjo wawo. Sindinadikire kuti akhale pansi. Ulemu wonse ndinauiwala, pakhomo pa eni ake.

"Mwatibela muntu wathu! Banali ba chalichi! Banali kufuna bazimai, banali kufuna nyimbo! Banakuuzani pa menso panu ati mutima unayenda kwina!"

Anandisiya ndithe. Maso awo anali ofiira.

"Banamubatiza?" anafunsa.

"Panasala masabata yatatu chabe."

"Ba chalichi banu banakamba ati bazamushika?"

"Bazankhala pansi pa Chitatu."

"Kukamba chani?"

"Kukamba ngati ni wathu."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ba mayo, ine ninamulekelela zaka sate-faifi. Uyo ni mulandu wanga, nizayankha kuli Mulungu. Koma mulongo wanga sangagone mu fuliji masiku yatatu kuyembekeza bantu bavote ngati ni wao. Mu manda naseluka ine. Namugoneka na manja yanga aya."

Anandionetsa manjawo, dothi lili m'zikhadabo. Ndinkafuna kumuda bambo ameneyu, mpaka lero ndimayesa, koma sizitheka. Anachita zimene mlongo wake sanafune, izo nzoona. Koma pa anthu onse amene ndinawaimbira foni tsiku limenelo, amene anasiya zonse nkubwera ola lomwelo anali iye. Ndinabwerera ku Kabwata kukauza amayi kuti apinde mphasa. Tenti inali itangofika kumene, ndinaibweza isanatsike m'galimoto.

Lachitatu akulu a mpingo anakhala pansi ndithu, ngakhale ankadziwa kuti munthu ali m'dothi kuyambira Lolemba. Nkhani inali italembedwa kale pa ndandanda, ndiye sakanaidumpha. Ndinamva kuti anakambirana maola awiri. Lamlungu ba Kabamba anaima kutsogolo ndi pepala nawerenga kuti akulu agwirizana onse kuti mayi Hadiya anali woyenera kuikidwa ndi mwambo wonse wa mpingo, yunifomu ndi kwaya yomwe, koma mwatsoka achibale anafulumira. Anthu anatsonya tchalitchi chonse. Mayi wa pambali panga anandinong'oneza kuti, "Baja bantu nabo, kuthamanga monga bataya vinyalala."

Ndinagwira chikwama changa nkuyamba kudzuka. Ndinkafuna kukuwa kuti munthu anagogoda pakhomo panu miyezi makumi awiri, munamusunga pa benchi ya alendo ndinu, ofulumirawo atola chimene munataya. Ndinkafuna kutuluka ndipo ndisadzapondemonso. A pa benchi yathu anapinda miyendo kuti ndidutse.

Pomwepo ndinakumbukira kuti ndili ndi zaka makumi asanu ndi zinayi, ndipo m'chikwama chomwecho muli mapiritsi a kuthamanga kwa magazi. Amuna anga anatsogola kale. Ana anga awiri ali kunja kwa dziko, amaimba foni pa Khirisimasi. Ndikatuluka pakhomo limenelo dzina langa lichoka m'buku, ndipo tsiku langa likafika amayi amenewa sadzabwera. Ndinakoka siketi yanga ngati ndimangofuna kuiwongola, nkukhalanso pansi. Ba Kabamba anatchula nambala ya nyimbo, ndipo ndinaimba nawo.